Ampulifaya yopanga pakhomo ikamalira, kutentha ndi kupsa IC mobwerezabwereza

Vutoli limayenda mofanana pafupifupi kwa aliyense. Mwagula bolodi m'tauni kapena mwayala nokha pa veroboard, bolodi la timabowo lija, mwawotcherera zonse, mwalumikiza sipika, nyimbo zatuluka. Sabata yoyamba nyumba yonse ikusangalala. Kenaka pansi pa nyimbo pamayamba kumveka kaphokoso ka mmmm, heatsink, chitsulo chochotsa kutentha chija, ikutentha moti chala sichikhalapo, ndipo tsiku lina kwaya ili pakati poyeserera, kapena chinkhoswe chafika pokoma, sipika imangoti phu, kenaka zii. Mumakagula IC ina, kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri kamene kamakuza mawu, mumaika, imaimba pang'ono, imapsanso.

Anyamata ambiri amene ndimacheza nawo ku Mufakose, Highfield ndi Mabvuku muno mu Harare afika pokhulupirira kuti ma IC onse a masiku ano ndi abodza. Abodzawo alipo ndithu, ndiwatchula kutsogoloku. Koma kawirikawiri IC imafera mlandu wa zinthu zina: magetsi oidyetsa, kutentha, kayalidwe ka mawaya, ndi masipika amene mwaisenzetsa. Mukasintha IC musanapeze chimene chaipha, mwangogula ina yoti ifenso, ndipo ndalama zake sizibwerera.

Yambani ndi babu

Magetsi a m'nyumba zathu muno mu Harare ndi a 220V mpaka 240V, ndipo amapha. Ngakhale mutazula pulagi, ma capacitor akuluakulu amasunga mphamvu kwa nthawi ndithu. Ampulifaya yoyenda ndi 35V ku positive ndi 35V ku negative ili ndi 70V pakati pa mawaya awiriwo. Musanalowetse dzanja, tsitsani mphamvuyo pogwiritsa resistor ya 1k ya 5 watts pa miyendo ya capacitor iliyonse, kenaka muyese ndi mita yoyesera magetsi. Zogunditsa sikuludiraiva kuti ithetheke zimawononga capacitor ndi bolodi lomwe, zisiyeni.

Chida chimene chimapulumutsa ma IC ambiri kuposa china chilichonse ndi babu wamba la filament, la 60W kapena 100W. Dulani waya wa live wokha, wa bulauni uja, pa extension yaifupi, ndipo pamalo odulawo ikani chogwirira babu, kuti magetsi onse opita ku ampulifaya azidutsa kaye m'babulo. Mumange bwino m'kabokosi, pasaoneke waya wosavala. Mukayatsa ampulifaya yabwino, babu limawala kamodzi pamene ma capacitor akudzaza, kenaka limazirala mpaka kutsala kofiirira chabe kapena kuzima. Likangowala osazirala, muli shoti mkati, zimitsani. Babulo lamwa mphamvu imene ikanapsereza IC kapena thiransifoma.

Mababu a LED ndi a energy saver sagwira ntchitoyi. A filament anavuta kuwapeza kuyambira 2017 pamene boma la Zimbabwe linaletsa kuwagulitsa, choncho mukalipeza m'nyumba ya agogo kapena m'galaja lakale, lisungeni bwino. Likasowa, chotsani mafyuzi a pa waya wa positive ndi wa negative, m'malo mwake muikemo ma resistor a 22 kapena 47 ohms a 5 watts poyesa koyamba. Akatentha msanga ampulifaya isakuimba kanthu, pali chimene chikukoka magetsi mosayenera. Musaiwale kuwachotsa mukamaliza kuyesa.

Yesani magetsi IC isanalowe

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo ndikhalitsapo. Nambala yolembedwa pa thiransifoma ndi ya AC. Magetsiwo akadutsa mu bridge rectifier, ma diode anayi osandutsa AC kukhala DC, ndi kudzaza ma capacitor, amachulukitsidwa ka 1.4. Thiransifoma ya 12-0-12, ndiye kuti 12V mbali iliyonse ya waya wapakati, imapereka pafupifupi 16V mbali iliyonse, ya 18-0-18 pafupifupi 24V kapena 25V, ya 25-0-25 pafupifupi 35V. Ikakhala yosasenza katundu imapitirirako. Ngati inapangidwira 220V koma pakhoma pafika 240V, monga zimachitikira pakati pa usiku anthu atazimitsa mastovu, onjezaninso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi.

Mnyamata wina woimba kwaya ku tchalitchi kwathu anandibweretsera kabokosi kake ka matabwa, mkati muli bolodi la ma TDA2030 awiri. Imodzi inali itang'aluka pamimba, kapulasitiki kakuda katagamuka, fungo la zopsa likumvekabe. Anati, "Achimwene, mashopu akutigulitsa zinyalala, iyi ndasintha kangapo." Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, tayamba wachotsa ma IC onsewo, tiyese magetsi okha." Thiransifoma anaichotsa mu wailesi yakale, yolemera bwino, yolembedwa 18-0-18. Mita inaonetsa 26V ku positive, 26V ku negative. TDA2030 malire ake ndi 18V mbali iliyonse. Ngakhale TDA2030A, imene ndi yolimbirapo, imalekezera pa 22V. IC iliyonse imene akanaika pamenepo, yeniyeni kapena yabodza, inali yoti ifa basi. Tinaika thiransifoma ya 12-0-12 ndipo nkhani inathera pomwepo.

Malire a ma IC amene timagwiritsa ntchito kwambiri ndi awa. TDA2050 imafika 25V mbali iliyonse. LM1875 imafika 30V. LM3886 ya Texas Instruments imalola 84V mukaphatikiza mbali zonse, koma pa sipika ya 4 ohms imakhala bwino pa 28V mbali iliyonse, pamene imatulutsa 68W, ndipo pa sipika ya 8 ohms mutha kuikweza pa 35V kuti ipereke 50W. Awa ndi malire, si malo okhalapo tsiku ndi tsiku. Ine ndimasiya mpata wa ma volt angapo pansi pa malirewo, chifukwa magetsi a pakhoma sakhala pamodzi.

Poyesa, waya wakuda wa mita ukhale pa ground, pamene pafikira waya wapakati wa thiransifoma. Mbali ziwirizo zifanane. Imodzi ikatsika kwambiri, yang'anani diode yoduka mu bridge, fyuzi yopsa, kapena waya wapakati wosagwira. Waya wapakatiwu ukamasuka ampulifaya ikuimba, magetsi amapendekera mbali imodzi ndipo sipika imatha kulandira DC. Onaninso ma capacitor: pa 25V ikani a 35V, pa 35V ikani a 50V. Capacitor ya ku negative mwendo wake wa positive umapita ku ground. Ambiri amaitembenuza, ndipo imatupa pamutu kapena kuphulika.

Kutentha

Ampulifaya ya class AB, mtundu wa ma IC onse amene ndatchulawa, imataya mphamvu yambiri ngati kutentha, ndipo kuchuluka kwake kumadabwitsa. LM3886 imodzi pa 28V ndi sipika ya 4 ohms imatha kutaya pafupifupi 40W pa heatsink. Mukaikweza pa 35V sipika ili yomweyo ya 4 ohms, zimapitirira 60W. Chitsulo chanu chowotcherera mwina ndi cha 40W, ndiye ganizirani kutentha konseko kukutuluka pa kanthu kochepa ngati chala chachikulu. Kachidutswa ka aluminiyamu kamene kamabwera ndi mabolodi ambiri sikangakwanitse. Onjezani mwezi wa October, m'chipinda cha malata masana, bokosi lotsekedwa mbali zonse.

Heatsink ikhale yaikulu, zipsepse zake ziimirire kuti mpweya wotentha uzikwera pakati pake, ndipo bokosi likhale ndi mabowo pansi ndi pamwamba. Ku Siyaso ku Mbare mumapezeka zidutswa za aluminiyamu zokhuthala ndi ma heatsink a makompyuta akale okhala ndi fani, ndipo amagwira bwino ntchito. Fani ipatseni magetsi akeake a 12V, kuti kulira kwake kusalowe m'nyimbo. Muyeso wapafupi ndi chala: ngati simungachisiye pa heatsink kwa masekondi asanu, yafika cha m'ma 60 digiri, ndipo mkati mwa IC mwatentha kuposa pamenepo.

Pali msampha wina pa kachitsulo ka kumsana kwa IC. Pa TDA2030, TDA2050, LM1875, TDA7294 ndi LM3886T, kachitsuloko n'kolumikizana ndi magetsi a negative. Mukamangirira IC pa heatsink popanda chotchinga, heatsink n'kukhudza bokosi lachitsulo, mwagunditsa negative ndi ground. Pamafunika mica kapena kapepala ka silicone pakati, ndi kapulasitiki kovala pa sikulu. Mukamanga, yesani ndi mita pakati pa kachitsulo ka IC ndi heatsink, mita isalire kusonyeza kuti zakhudzana. LM3886TF ndiyo yovala pulasitiki thupi lonse, siifuna mica. Thermal paste pakani yopyapyala kwambiri. Yochuluka imatsekereza kutentha m'malo mokutulutsa. Ndipo pobowola heatsink, palani tizitsulo totsala m'mphepete mwa bowo, chifukwa kamodzi kokha kamatha kuboola mica kapena kuchititsa kuti IC isagone bwino.

Masipika nawo amapha. Awiri a 8 ohms olumikizidwa positive ku positive, negative ku negative, amasanduka 4 ohms. Awiri a 4 ohms amasanduka 2 ohms. Pa maliro kapena pa ukwati anthu amabweretsa masipika obwereka, aliyense akufuna yake ilire, onse n'kumangidwa pa waya umodzi. Ndikumvetsa, phokoso limafunika lifike kwa amene akhala kuseri kwa tenti. Koma ma IC amene ndatchulawa sanapangidwire 2 ohms. Yesani ndi mita kumapeto kwa waya musanalumikize: katundu wa 8 ohms amaonetsa pakati pa 5.5 ndi 7, wa 4 ohms amaonetsa cha m'ma 3. Mita ikaonetsa pansi pa 3, chotsanipo sipika ina, kapena lumikizani awiri motsatizana, negative ya woyamba ku positive ya wachiwiri.

Tsono pali kutentha kwina kumene kumazunguza anthu mutu: ampulifaya siikuimba, voliyumu ili pansi, koma IC ikutentha ngati ili pa ntchito yaikulu. Nthawi zambiri imakhala ikudziimbira yokha pa mafunde okwera kwambiri oti khutu silimva, chimene amisiri amati oscillation. Zizindikiro zake ndi izi: resistor yaing'ono ya kotulukira mawu yadetsedwa ndi kupsa, mawu akumveka okakala, ma tweeter, timasipika ta mawu okwera, akufa popanda chifukwa, ndipo phokoso limasintha mukayandikitsa dzanja pa bolodi. Mankhwala ake ndi tizinthu totchipa. Capacitor ya 100nF pa mwendo uliwonse wa magetsi kupita ku ground, pafupi penipeni ndi IC, osati kutali kumene kuli ma capacitor akuluakulu. Resistor ndi capacitor zotsatizana kuchokera kotulukira mawu kupita ku ground, zimene zimatchedwa Zobel, ndipo pa TDA2030 ndi 1 ohm ndi 220nF. Ambiri pojambula okha amazisiya poganiza kuti zilibe ntchito popeza nyimbo zimamveka ngakhale palibe. Resistor ya feedback, yobweza mawu pang'ono kuchokera kotulukira kupita kolowera, ikhale ndi miyendo yaifupi, yowotcherera pafupi ndi IC. Waya wolowetsa mawu asayende limodzi ndi waya wa sipika. Komanso musatsitse mopitirira gain, muyeso wa mmene ampulifaya imakuzira mawu: LM3886 ndi LM1875 zimafuna gain ya 10 kapena kuposa, TDA2030 ndi TDA2050 zimafuna yoposa 24dB, ndiye kuti pafupifupi 16, apo ayi sizikhazikika.

Phokoso la mmmm

Musayambe ndi kugula ma capacitor. Yambani ndi kufufuza kumene phokosolo likulowera. Zulani waya wochokera ku foni kapena ku mixer, kenaka gwirizanitsani polowera mawu ndi ground pa bolodi penipeni, ndi kawaya kakafupi. Phokoso likatha, ampulifaya ilibe mlandu, vuto lili mu waya wa mawu, mu voliyumu, kapena mu chipangizo chimene mumalumikiza. Likatsala, lili mkati.

Likakhala mkati, mverani bwino mtundu wake. Magetsi athu ndi a 50Hz. Phokoso lakuya, losalala, la 50Hz kawirikawiri limachokera ku maginito a thiransifoma kapena ku mawaya a AC odutsa pafupi ndi polowera mawu. La 100Hz, lokwererapo ndi lokakala ngati zzzz, limachokera ku rectifier ndi ma capacitor. Khutu likalephera kusiyanitsa, pali mapulogalamu aulere a pa foni oonetsa mafunde a mawu, ikani foni pafupi ndi sipika muwerenge nambala. Likakhala la 50Hz, masulani thiransifoma muisunthe kapena kuitembenuza pang'onopang'ono, mosamala, mukumvetsera. Phokoso likasintha, mwapeza. Italikitseni ndi bolodi, ndipo mawaya ake muwapote awiriawiri. Diode imodzi yoduka mu bridge imabweretsanso 50Hz, choncho iyeseni.

Likakhala la 100Hz, mwina ma capacitor ndi ochepa kapena atopa. Pa 2A, capacitor ya 4,700uF imasiya magetsi akugwedezeka ndi ma volt opitirira anayi, pamene ya 10,000uF imatsitsa kufika pa awiri. Mita zotchipa siziyesa bwino kugwedezeka kumeneku. Njira yosavuta ndi kuzimitsa, kutsitsa mphamvu, kuwonjezera capacitor ina yabwino pambali pa yakaleyo, n'kuyatsanso. Phokoso likatsika kwambiri, sinthani akalewo. Koma likapanda kusintha, ndipo izi ndi zimene ndimaona kawirikawiri, vuto ndi kayalidwe ka ground.

Ndilongosole bwino chifukwa apa mpamene pagona nkhani ya phokoso. Waya wochokera pakati pa thiransifoma kupita pakati pa ma capacitor awiri aja sanyamula magetsi odekha. Ma capacitor amadzaza modukizadukiza, ka 100 pa sekondi, ndipo nthawi iliyonse pamadutsa mphamvu yaikulu kwa kanthawi kochepa. Waya aliyense, ngakhale wokhuthala, ali ndi resistance pang'ono, ndiye pa waya ameneyu pamabadwa timagetsi tating'ono togunda ka 100 pa sekondi. Mukalumikiza ground ya polowera mawu penapake pa waya ameneyu, ampulifaya imatenga timagetsito ngati nyimbo, n'kutikuza ka 20 kapena ka 30. Mutha kuika ma capacitor a mtengo wapatali, phokoso silichoka.

Konzani motere. Waya wapakati wa thiransifoma apite molunjika pakati pa ma capacitor, ndipo panjira pasalumikizidwe china chilichonse. Kuchokera pakati pa ma capacitor tulutsani kawaya kakafupi kokhuthala, ndipo kumapeto kwake ndiye pakhale pokumana ma ground onse. Waya wobwerera ku sipika afike pamenepo payekha. Ground ya bolodi ifike payokha. Ground ya polowera mawu, pamodzi ndi ya feedback, ifike payokha. Masokete a RCA olowetsera mawu asakhudze bokosi lachitsulo, avekeni mawashala a pulasitiki. Bokosi likumane ndi ground pamalo amodzi okha. Waya wochokera ku RCA kupita ku voliyumu ndi ku bolodi akhale wa shield, wokutidwa ndi ukonde wa timawaya, ndipo thupi lachitsulo la voliyumu likhudze ground. Ntchito yonseyi siifuna kugula kanthu koposa waya ndi mtovu.

Wina adzakuuzani kuti mudule waya wa earth, wobiriwira ndi chikasu uja, phokoso litha. Nthawi zina limathadi. Chonde musatero. Waya ameneyo ndi amene amachititsa kuti fyuzi ipse tsiku limene live yakhudza bokosi, m'malo moti magetsi adutse mwa mwana amene wagwira maikolofoni. Amangidwe pa bokosi ndi bawuti yakeyake, penti itapalidwa. Phokoso likamabwera pokhapokha mwalumikiza mixer kapena kompyuta, zipangizo zonse zidye pa soketi imodzi, ndipo likakanika ikani ground loop isolator, kachipangizo kolekanitsa ground ya zipangizozo, pa waya wa mawu. Tsegulaninso extension yanu muone, chifukwa zambiri zotchipa zili ndi mabowo atatu koma mkati muli mawaya awiri okha. Bokosi likamanyerenyetsa mukaligwira, limenelo si vuto la nyimbo, ndi ngozi.

Maphokoso awiri ang'onoang'ono ndingowadutsa. Kulira kwa tswiii pamene foni ili pa chaja kumachokera ku chajayo, izuleni muone. Kabolodi ka Bluetooth kakamadya magetsi amodzi ndi ampulifaya kamabweretsa kulira kofananako, ndipo kamafuna magetsi akeake kapena ka DC-DC kolekanitsa monga B0505S. Kuthetheka potembenuza voliyumu ndi fumbi, thirani contact cleaner. Kuthetheka pogogoda bolodi ndi chogwirira chapulasitiki ndi powotcherera posagwira, pamaoneka potuwa kapena pong'aluka mozungulira mwendo, pawotchereninso.

Magetsi akamazimazima

Ampulifaya zambiri zimafa pa nthawi imene magetsi akubwerera, mwini wake atagona, switch atasiya yoyatsa. Magetsi akathima zimitsani ndi kuzula pulagi, ndipo akabwera dikirani pang'ono akhazikike. Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka March, ziphaliwali za kuno sizifuna kufotokozera, zulani basi. Ngati sipika imagunda kuti dhu poyatsa kapena pozimitsa, ikani kabolodi koteteza masipika kokhala ndi relay, monga aja a uPC1237. Amachedwetsa sipika masekondi angapo poyatsa, ndipo amaidula msanga kukatuluka DC. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi sipika ya mainchesi 15.

Pa jenereta, iyambe ndi jeneretayo, ikhazikike, ampulifaya ibwere pomaliza. Pozimitsa, ampulifaya iyambe. Inveta zotchipa za modified sine wave zimaliritsa thiransifoma ndi kuitenthetsa, ndipo phokoso lake limalowa m'masipika ngakhale ground yanu ili bwino. Fyuzi ikamapsa poyatsa pokha, makamaka ndi thiransifoma yozungulira ija ya toroidal, ikani yochedwa kupsa, yolembedwa T, ya muyeso woyenera. Musamange waya m'malo mwa fyuzi. Pa toroidal yomweyo, bawuti yapakati isakhudze pansi ndi chivundikiro cha bokosi nthawi imodzi, chifukwa imasanduka waya wozungulira wa shoti ndipo imatentha koopsa.

Kwa amene amadalira sola ndi batire, maganizo anga ndi akuti kukweza 12V kupita 230V ndi inveta, kenaka n'kuitsitsanso ndi thiransifoma, ndi kutaya mphamvu pachabe. Bolodi la class D monga la TPA3116D2 limadya DC mwachindunji kuyambira 4.5V mpaka 26V, ndipo silitentha kwambiri. Pa batire ya 12V musayembekezere zoposa 18W pa sipika ya 4 ohms, kaya pa paketi alembapo nambala yanji. Adaputa ya laputopu ya 19V imalipatsa mphamvu yabwino. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Mabatire a 24V akamachajidwa amapitirira 28V, kupyola 26V ija. Ndipo pa mabolodi amenewa negative ya sipika si ground: mukagwirizanitsa negative ya kumanzere ndi ya kumanja, kapena ikakhudza bokosi, bolodi limadzizimitsa kapena kupsa.

Ma transistor, ndi abodza aja

Amene mumapanga ampulifaya za ma transistor a 2SC5200 ndi 2SA1943 muli ndi vuto lina lapadera. Transistor ikatentha imakoka magetsi ambiri, ikakoka ambiri imatenthanso, mpaka kufa. Choletsa zimenezi ndi ka transistor ka bias, kawirikawiri BD139, ndipo kayenera kumangidwa pa heatsink yomweyo kuti kazimva kutentha kwa akuluakuluwo. Kakangoima pakokha pa bolodi, kalibe ntchito. Yambani trimmer, ka resistor kotembenuza kaja, ili pa bias yotsikitsitsa, ndiye kuti magetsi odutsa mu ma transistor pamene sakuimba ali ochepetsetsa, ikani mita pa mV pa miyendo ya resistor ya 0.22 ohms ya ku emitter, sipika mutachotsa. Pa resistor imeneyi 10mV ndi pafupifupi 45mA. Kwezani pang'onopang'ono kufika pamene chojambula chanu chanena, babu lija mutalichotsa, ndipo muyang'anire kwa mphindi 20. Nambala ikwere pang'ono n'kuima. Ikamangokwerabe, zimitsani. Ma transistor akuluakulu akapsa, safa okha. Yesani ma driver, ma resistor a ku emitter ndi ka bias komwe, musanaike atsopano. Pa diode test, wabwino amaonetsa pakati pa 0.5V ndi 0.7V kuchokera ku base, ndipo pakati pa collector ndi emitter mita siilira.

Tsono abodza. 2SC5200 yeniyeni ya Toshiba ndi ya 230V, 15A, 150W. Yabodza kunja imaoneka chimodzimodzi, nthawi zina yowala kuposa yeniyeni, ndiye chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mukaswa yopsa ndi pulayala, mumapeza kachidutswa ka silicon kochepetsetsa poyerekeza ndi ka yeniyeni, nthawi zina kopakidwa zoyera pamwamba. Pa mita imayesa bwino, pa voliyumu yotsika imaimba bwino, imafa mukangokweza. Zilembo zofufutika mukapukuta ndi spirit, miyendo yopyapyala, ndi mtengo wotsika modabwitsa, zonsezi ndi zokayikitsa. Ine ndimakhulupirira kwambiri ma transistor ndi ma IC ochotsa mu ma hi-fi akale kuposa atsopano osadziwika kochokera. Koma muweruze kuti chinthu ndi chabodza pokhapokha magetsi, heatsink, Zobel ndi masipika mwazipeza zili bwino.

Kuyatsa mutakonza

Babu likhale pa mzere, sipika isalumikizidwe, polowera mawu pagwirizane ndi ground. Yatsani, babu liwale n'kuzirala. Yesani magetsi pa miyendo ya IC penipeni. Kenaka ikani mita pa DC potulukira sipika. Pansi pa 50mV ndi bwino. Kupitirira 100mV fufuzani capacitor ya feedback ndi ya polowera mawu. Mukaona ma volt athunthu, musalumikize sipika iliyonse, IC yafa kapena mbali imodzi ya magetsi siikufika. LM3886 ikangokhala chete zonse zili bwino, onani mwendo wa 8 wa mute, umafuna resistor yopita ku negative yokoka 0.5mA kapena kuposa. Pa TDA7294 onani mwendo wa 9 ndi wa 10, wa standby ndi wa mute.

Zikadutsa apa, isiyeni yoyaka kwa mphindi khumi osaimba, mukugwira heatsink ndi resistor ya Zobel. Zikhale zofunda chabe. Lumikizani sipika yakale yosadandaulitsa, imbani motsitsa. Babu lidzayamba kuphethira motsatira bezi, ndipo zimenezo ndi zabwinobwino. Chotsani babu, lumikizani masipika enieni, kwezani pang'onopang'ono kwa theka la ola bokosi lili lotseka monga lidzakhalire pa ntchito. Pamene mawu ayamba kusweka, bwezani voliyumu pang'ono ndipo lembani chizindikiro ndi penti pamenepo, kuti aliyense wobwereka adziwe polekezera.